Anambewe, Wosunga Maola Athu

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda Anambewe. Pa maliro awo tinalipo ochepa, moti amuna onyamula bokosi anasowa owalandira, nafika kumanda mapewa atatupa. Abusa sanabwere. Anatumiza mkulu wa mpingo, bambo Zimba, munthu amene anakhala akukangana ndi malemuwo zaka zambiri. Bambo Zimba ananena zoona zokhazokha: kuti mayiwa anagwira ntchito m'chipatala cha pamgodi, kuti manja awo analandira ana ambiri a muno mu Hwange, kuti Lachinayi sankajomba kumapemphero a amayi. Za nyenyezi sanatchulepo ngakhale liwu limodzi. Mwa anthu onse amene anadziwana ndi kukondana pabwalo la Anambewe, panabwera mmodzi yekha, Tereza, ndipo iyeyo ndiye anali ndi chifukwa chomveka chokhalira kunyumba.

Ine ndinakhala nawo moyandikana kukomboni ya Empumalanga zaka khumi ndi zisanu, nyumba zathu zogundana khoma. Ankanditcha makhelwani, monga momwe Andebele atchulira mnansi, ngakhale tonse tinali ana a anthu ochokera ku Malawi. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, wa mawu okhuthala ngati a mwamuna. Pachifuwa ankapachika kawotchi ka anamwino, ndipo m'thumba la siketi simunkasowa kabotolo ka fodya wa mphuno. Mlendo akafika, asanamufunse dzina kapena kwawo, ankamufunsa kuti anabadwa nthawi yanji. Akayankha tsiku ndi mwezi, iwo ankapukusa mutu. Ankati tsiku ndi la anthu ambiri, ngati kombi yonyamula anthu, koma ola ndiye la iwe wekha.

Zimenezi zinayambira kuchipatala. Anambewe sanali namwino wa mapepala, anali wothandizira chabe m'chipinda chochirira amayi. Ntchito yawo inali kuchapa, kutenthetsa madzi, ndiponso kuyang'ana wotchi ya pakhoma mwana akangolira n'kutchula nthawi mokweza kuti ilembedwe. Munali sisitala wina wachizungu, namwino wamkulu m'chipindamo, amene ankakhulupirira kwambiri za nyenyezi. Ataona kuti Anambewe saphonya mphindi, anayamba kuwaphunzitsa pa nthawi ya tiyi. Pochoka m'dziko muno anawasiyira mabuku awiri. Lina linali lofotokoza. Linalo munali manambala okhaokha, mizere yothinana ngati nyerere, yosonyeza pamene dzuwa, mwezi ndi nyenyezi zoyenda zinali tsiku lililonse. Kuyambira pamenepo Anambewe anagula kope lawolawo, ndipo mwana aliyense amene anamulandira ankamulembamo: dzina la mayi, tsiku, ola ndi mphindi. Popuma ntchito anali ndi makope asanu ndi limodzi omangidwa ndi lamba wa chubu.

Anthu ankaganiza kuti mayiwa amakhalira kuyang'ana kumwamba. Ayi. Sindinawaonepo atakweza mutu. Ankati kumwamba kwa Hwange n'kwa utsi wa malasha, woyang'anako amangodwala khosi. Nyenyezi zawo zinali za m'buku. Ankagwira ntchito masana, patebulo la m'khitchini, ndi pensulo, lula ndi sosala yojambulira mkombero. Mkombero uja ankaugawa nyumba khumi ndi ziwiri, n'kuyamba kuikamo zizindikiro. Mayina achingerezi anawatembenuza okha: Chinkhanira, Mkango, Nkhanu, Mapasa, Namwali. Zolosera za m'nyuzipepala ankadana nazo ngati mmene telala adanira ndi zovala za pakaunjika. Ankafunsa kuti zingatheke bwanji anthu onse obadwa mwezi umodzi, wakundende ndi wa pa ukwati, apeze mwayi tsiku limodzi.

Lamulungu lililonse, anthu akaweruka kutchalitchi n'kudya, pabwalo lawo pankadzaza. Ankabwera aphunzitsi, makalaliki a kumalo opangira magetsi, anamwino, amakaniko. Ena ankayenda pansi kuchokera ku Ingagula, ena ankatsika sitima kuchokera ku Dete ndi ku Victoria Falls. Anali anthu amene kwina kulikonse sakanatha kutsegula pakamwa za zimenezi osasekedwa kapena kutchedwa afiti. Ambiri anali mbeta ndi osakwatira, ena amasiye, ndipo onse ankadziwa chimene abwerera: kufuna mnzawo amene sadzawanyoza akadzawapeza akuwerengera mwezi. Anambewe sankalipiritsa. Lamulo lawo linali limodzi, loti munthu ayambe waphunzira kujambula mkombero wake ndi dzanja lake asanamuonetse wa wina. Makolo amene ankabwera atakoka mwana wawo wamkazi kuti amupezere mwamuna ankawabweza pageti. Akaona kuti mikombero iwiri ikugwirizana, ankaitana eni ake, kuwakhazika pabenchi pansi pa mtengo wa mango, kuwapatsa mapepala awo n'kunena kuti kambiranani. Kenako ankalowa m'nyumba, ndipo sankasuzumira pawindo.

Ndi bambo Zimba anayambana chifukwa cha liwu limodzi. Pali nyenyezi ina yoyenda pang'onopang'ono imene m'Chingerezi dzina lake limamveka ngati Satani. Mayi wina anamva Anambewe akunena kuti Satani walowa m'nyumba yachisanu ndi chiwiri, ndipo nkhani inafika kumpingo yoti ku Empumalanga akuitana Satana masanasana. Akumpingo anawaitanitsa Anambewe kubwalo la akulu. Bambo Zimba anaimirira, nalankhula nthawi yaitali. Atatha, Anambewe anafwenkha fodya, n'kuwayang'ana.

"Bambo Zimba, mwana wanu woyamba anabadwa nthawi yanji?"

"Zimenezo zikukhudzana bwanji ndi mlanduwu?"

"Simukudziwa. Munali kumowa kukomboni ya Namba Wanu. Ine ndinalipo, ndipo ndinalemba. Ngati kulemba ola limene Mulungu wapereka munthu ndi ufiti, ndiletseni."

Anawaletsadi mgonero kwa zaka ziwiri. Iwo sanasiye kupita kutchalitchi. Ankakhala pabenchi lakumbuyo n'kumaimba mokweza kuposa aliyense. Nyenyezi ija anaisintha dzina, naitcha Nkhalamba, poti imayenda mokoka miyendo ndipo nyumba imene yaikhalira siisiya msanga.

Buku la manambala lija linali ndi malire. Linkathera pa Disembala wa chaka cha 2000. M'mawa wa chaka chatsopano anandiitana pampanda n'kundionetsa tsamba lomaliza, kuseri kwake kuli pepala loyera. Za obadwa kale akanathabe kuwerengera, koma za lero ndi za mawa analibenso poyang'ana. Sakanathanso kusankhira anthu tsiku la ukwati. Analembera kalata kusitolo ya mabuku ku Bulawayo, sanayankhidwe. Anatuma anthu opita ku Joni, koma opita ku Joni m'zaka zimenezo sankabwerera, ndipo obwerera ankanyamula mafuta ophikira ndi sopo, osati mabuku. M'mashopu munayamba kuyera. Maliro anali a sabata ndi sabata. Anambewe ankanena, ndipo sindinkadziwa ngati akuseka, kuti olemba bukulo anadziwa kuti kutsogolo kulibe choti n'kulemba. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo ndi mmene anthu anachuluka pabwalo. Zinthu zonse zikamagwa, munthu amafuna wina womuuza kuti uyu yekhayu sadzakuthawa.

Tereza anali mphunzitsi wa pulayimale, wa zaka zopitirira makumi atatu, ndipo anabadwira m'manja mwa Anambewe. Pa ophunzira awo onse, wokhwimitsa malamulo anali iyeyo. Amuna abwinobwino anamufunsira, ena a magalimoto, koma iye ankayamba wapempha tsiku ndi ola. Akaona kuti sizikugwirizana, ankakana osayang'ananso nkhope. Mayi ake analira mpaka kutopa.

Kenako kunabwera Shadreki, wokonza makina a pamgodi, wokhala ku Ingagula. Makolo ake anachokera ku Mozambiki. Anali munthu wofatsa, wa zikhadabo zakuda ndi girisi, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chindebele ngati anzake onse a msinkhu wake. Tsiku loyamba anabwera ndi chikalata chake chobadwira, pamodzi ndi kakhadi ka kuchipatala kolembedwa ola, zonse zili m'pepala la pulasitiki. Anaphunzira mofulumira kuposa wina aliyense, poti manambala anali chakudya chake. Mkombero wake ankaupinda n'kuyenda nawo m'thumba la ovololo. Anandiuza tsiku lina kuti asanabwere kwa Anambewe ankadziona ngati chitsiru chifukwa chosatha kukwiya, koma pepala linamuonetsa kuti anabadwa choncho, ndipo mtima wake unakhala pansi.

Anambewe ataika mkombero wa Shadreki pambali pa wa Tereza, anandiitana ngakhale ndinali ndi thovu la sopo m'manja. Mwezi wa mwamuna unakhala ndendende pa dzuwa la mkazi. Nthanda, nyenyezi ya chikondi, inkayang'anizana bwino mbali zonse ziwiri. Anati chiyambireni sanaonepo zotere. Lamulungu lotsatira anawakhazika pabenchi, ndipo anthu onse atabalalika awiriwo anali akadali pomwepo.

Anakhala pa chibwenzi chaka ndi theka. Shadreki ankayenda pansi kuchokera ku Ingagula akaweruka, kudzera kusukulu kuti amunyamulire Tereza makope. Anamukonzera njinga imene inakhala chifereni zaka zitatu. Ankakangana za madigiri ngati mmene ena akanganira za mpira, n'kumaliza ndi kuseka. Tereza, amene tinkamudziwa ngati munthu wa nkhope yomanga, anayamba kuimba pochapa. Ndikunena izi kuti pasakhale woganiza kuti chinali chikondi cha papepala chabe. Ndinachiona ndi maso anga.

Itayandikira nthawi yoti akuluakulu akambirane za ukwati, mayi ake a Shadreki anabwera kuchokera kumudzi wa kufupi ndi Dete, kumene ankakhala chimwalirireni amuna awo. Shadreki anabwera nawo kuti adzaone Anambewe. Ine ndinali m'khitchini, ndikuthandiza kuphika tiyi. Shadreki ndi Tereza anatuluka kukafunafuna buledi, ndipo amayi awiriwo anatsala akucheza. Anambewe, pofuna kuyamikira, anati:

"Munabereka mwana wabwino, mayi. Ana a m'nyengo yotentha ya Novembala nthawi zambiri amakhala a mtima wapachala, koma wanuyu mwezi unamuziziritsa."

Mayi aja anaseka. "Novembala? Uyu ndinamubereka kukuzizira, mbaula ili pambali. Wa Novembala anali mkulu wake."

"Mkulu wake uti?"

"Shadreki woyamba. Anamwalira asanayambe kukwawa, chikuku. Bambo ake anali atamutengera kale chikalata. Ndiye pobadwa uyu, ndinachirira kunyumba, ndipo bambo ake ankaopa maofesi poti mapepala awo sanali bwino, tinali alendo m'dziko la eni. Anati chikalata chilipo kale, dzina lilipo kale, tivutikirenji? Ine ndinkamutcha Manuwele, koma dzinalo linatha asanayambe kuyenda."

Ndinaona dzanja la Anambewe likuika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Iye akudziwa?"

"Adziwirenji? Wakula, akugwira ntchito, akukwatira."

Anambewe sanasonyeze chilichonse. Anangopitiriza kufunsa ngati macheza, ndipo mayi aja, posadziwa kanthu, anayankha zonse. Linali Lachitatu loyamba la Juni, chaka chachiwiri chimwalirireni woyamba uja. Ola ankalikumbukira bwino, chifukwa mwana analira pamodzi ndi huta ya pamgodi yoitana shifiti ya m'mawa.

Masiku awiri otsatira Anambewe sanatuluke panja. Tsiku lachitatu ndinalowa ndekha osaitanidwa, ndipo ndinawapeza patebulo, maso atafiira. Anandionetsa mkombero watsopano. Ine zambiri sindinkazimvetsa, koma anandilozera ndi pensulo: Nkhalamba ya mwamunayo inakhala pamwamba penipeni pa Nthanda ya Tereza, ndipo mwezi uja, umene tinkausangalalira, unali kutali kwina. Anati akanaona zimenezi poyamba sakanawakhazika pabenchi ngakhale atawagwadira. Anati zikusonyeza kuzizirana ndi kusiyana.

"Ndiye ng'ambani," ndinatero. "Amene tikudziwa ndife atatu. Mayi aja abwerera kwawo sabata yamawa. Ine pakamwa panga ndatseka."

"Ndiname?"

"Simunama. Mungokhala chete. Anawa akukondana, Anambewe. M'tauni muno mwatsala chiyani china chabwino?"

"Makhelwani, ndinauza mwana wamkaziyo kuti uyu ndi wako. Anandikhulupirira. Tsopano ndadziwa kuti ndinamukwatitsa kwa khanda lomwe lili m'manda. Ndizikadya keke pa ukwati wawo ndikudziwa zimenezo?"

"Idyani. Ambiri amadya akudziwa zoposa pamenepo."

Kenako anandiuza chinthu chimene sanandiuzepo m'zaka zonsezo. Iwo anabadwira panjira, makolo awo akuyenda pansi kuchokera ku Malawi kudzera ku Tete, kubwera kuno kumgodi. Mayi awo ankangokumbukira kuti mvula inali itasiya ndipo anagona pansi pa mlambe. Mwezi sankaudziwa, chaka chenicheni ayi. Pachitupa anangowalembera tsiku loyamba la Januwale, monga ankalembera aliyense wosadziwa. Anajambulira mikombero anthu osawerengeka, koma wawo sanaujambulepo, ndipo sakanatha.

"Moyo wanga wonse ndakhala ndikulakalaka munthu mmodzi woti andiuze ola langa," anatero. "Lero ndagwira ola la munthu m'manja mwangamu, ndiye ndimubisire? Ndi lake. Si langa, si lanu."

Ndinawachonderera mpaka kulira. Ndinawatchula mawu oipa, ndinati ndi nkhalamba youma mtima imene imakonda mapepala kuposa anthu.

Lamulungu limenelo anabweza anthu onse pageti, natsala ndi awiri aja. Ine anandipempha kuti ndikhale mboni, ndipo ndinavomera poganiza kuti mwina ndingathe kuzimitsa moto. Anaika mapepala atatu patebulo, nafotokoza zonse mosazungulira, monga momwe mayi aja ananenera. Atafika pa dzina la Manuwele, Shadreki anamwetulira ngati munthu amene sanamve bwino. Kenako kumwetulirako kunatha.

Tereza ndiye anayamba kulankhula. "Gogo, zimenezo ndilibe nazo ntchito. Ine ndakonda munthu uyu wakhala apayu. Pepala likhale pepala."

Sindinayembekezere mawu otere kuchokera kwa Tereza, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Koma Shadreki sanamuyang'ane. Anakokera mkombero watsopano uja kwa iye, napempha buku la manambala ndi pensulo. Anawerengera yekha mzere ndi mzere, ife tikumva ana akusewera mumsewu. Anatha pafupifupi ola lathunthu. Sanapeze cholakwa.

"Ngeyami le, gogo?" anafunsa m'Chindebele, kenako anabwereza m'Chichewa. "Ili ndiye langa?"

"Ndi lako, mwanangu."

Anatulutsa pepala lakale lija m'thumba, lothetheka m'mopinda, naliyala pambali pa latsopanolo. "Ndiye zonse ndinkawerenga umu, kuleza mtima, kusakwiya, kukhulupirika, zinali za mwana wakufa?"

"Zinali zako," Tereza anatero. "Ndinaziona ine. Sindinaziwerenge, ndinaziona."

"Tereza, unakana amuna angati chifukwa cha pepala?"

Shadreki analoza pepala latsopano lija, nafunsanso.

"Ndikanabwera tsiku loyamba lija ndi ili, ukanakhala nane pabenchi?"

Ine ndinamuponda phazi Tereza pansi pa tebulo. Bodza limodzi laling'ono likanakwana. Koma anali wophunzira wa Anambewe. Anayang'ana pansi, nati, "Ayi."

Shadreki anagwedeza mutu, napinda mapepala onse awiri, natsanzika mwaulemu monga mwa masiku onse. Mawa lake anatenga mayi ake kupita nawo kumanda akale a kukomboni kuti akamuonetse pamene anaika mkulu wake. Anafunafuna tsiku lonse m'maudzu, koma mayi aja sanathe kupazindikira. Zokambirana za ukwati anazisuntha mwezi umodzi, kenako wina. Tereza ankapita ku Ingagula, n'kumamupeza atangokhala, osakwiya, osamuthamangitsa, koma ngati mlendo. Anamuuza kuti akamva dzina loti Shadreki amamva ngati wavala malaya a maliro a wina. Anamuuzanso kuti sangathe kuiwala zimene anawerengera ndi dzanja lake, ndipo tsiku lililonse akanadzakangana, ngakhale pa nkhani ya mchere, akanadzati ndi Nkhalamba ija yayamba. Mvula isanagwe anasiya ntchito n'kuwoloka kupita ku Botswana. Analemba kalata imodzi. Patapita chaka tinamva kuti wina anamuona ku Joni, akudzitcha Manuwele. Kuchokera pamenepo sitinamvenso kanthu.

Bwalo lija silinachire. Nkhani itamveka, aliyense anayamba kukayikira chikalata chake, poti m'tauni ya alendo ngati ino ndani angalumbire kuti bambo ake sanasinthe kanthu polembetsa? Ena anapita kukafunsa makolo awo, ndipo ena mwa iwo anabwerako ndi nkhope zakugwa. Banja lina limene linayambira pabenchi lija linatha, mwamuna akunena kuti mwina nawonso anawaphatikiza molakwika. Ena ankadzudzula Anambewe kuti anapasula ukwati, ena kuti anaumanga pa mchenga. Otsalawo anatengedwa ndi njala ndi maulendo. Pofika zaka zimene anthu ankagona pamizere ya ufa, Lamulungu pankabwera anthu awiri kapena atatu, kenako palibe. Anambewe ankasesabe bwalo, kutulutsa benchi, n'kukhalapo okha mpaka dzuwa litapendeka.

Kulakwa sanavomerepo. Ndinawafunsa kamodzi ngati akanachitanso chimodzimodzi, ndipo anangoti sananame. Ndinati sindinafunse zimenezo. Anafwenkha fodya n'kuyamba kukamba za madzi amene anali atasiya kutuluka m'mipope. Koma mabuku aja sindinawaonenso patebulo, ndipo mlendo akabwera anayamba kumufunsa dzina ngati anthu ena onse.

Tereza sanakwatiwe. Pabwalo sanapondeponso, ngakhale pamsewu ankapereka moni. Anambewe atadwala, miyendo itatupa, kuchipatala kulibe mankhwala, ine ndinkawasamalira ndekha, chifukwa mwana wawo mmodzi yekhayo anali ku Joni. Tsiku lina masana ndikutenthetsa madzi, ndinangoona Tereza walowa ndi sopo ndi thaulo. Sananene chimene wabwerera. Anapinda manja a bulauzi, nandithandiza kuwakhazika pampando, nayamba kuwasambitsa kumsana.

"Analembanso?" Anambewe anafunsa.

"Ayi, gogo."

Tereza anapitiriza kuwasambitsa. Kenako Anambewe anati, motsitsa mawu, ngati akudziuza okha, "Pepala linati mudzasiyana."

"Pepala silinatisiyanitse, gogo," Tereza anatero. "Munatisiyanitsa ndinu. Kwezani mkono."

Anakweza mkono. Tereza anawasambitsa bwinobwino mpaka kuzala za kumapazi, anawadzoza mafuta, nawaveka diresi loyera. Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake, masiku onse asanu ndi atatu amene anatsala. Za nkhani ija sanakambenso, ndipo Anambewe sanapepese.

Mwana wawo anafika maliro atapita kale. Anakhala masiku awiri. Anagulitsa bedi ndi chitofu, ndipo mabuku aja pamodzi ndi makope onse asanu ndi limodzi anawatentha mumgolo kuseri kwa nyumba, akuti achibale anamulangiza kuti asasunge zinthu zotere. Ndinafika moto utagwira kale. Anakhoma chitseko ndi loko wamkulu, nati adzabweranso kudzaona zochita ndi nyumbayo. Sanabwere.

Nyumbayo ili chitsekereni. Makatani anachotsa, ndiye ukasuzumira umaona chipinda chopanda kanthu ndi mabanga anayi pasimenti pamene panali miyendo ya bedi. Lata limodzi la padenga linazuka, ndipo mphepo ya Ogasiti ikamawomba limamenya tsiku lonse. Miyezi yoyamba ndinkasesa pakhonde, koma fumbi la malasha limabwerera tsiku lomwelo, ndipo ndinasiya. Tsopano lafika pobisa sitepe yoyamba. Geti anaba anthu ogula zitsulo, moti mbuzi za anthu zimalowa n'kugona pamthunzi wa khoma.

Nthawi zina Lamulungu masana ndimamva kugogoda. Amakhala munthu wochokera kutali, wa ku Binga kapena ku Lupane, amene anamva kalekale kuti ku Empumalanga kuli gogo wodziwa kuphatikiza anthu, ndipo uthenga wa maliro sunamufike. Kale ndinkatuluka kukawauza. Ndinkawaona nkhope zikugwa, envulopu ya zikalata ili m'manja, n'kumandifunsa ngati kuli wina amene angawathandize, ine n'kumati kulibe. Masiku ano sindituluka. Ndimakhala m'khitchini mwanga, kuseri kwa khoma lomwelo, n'kuwasiya agogode mpaka atope.